Achemwali a ku Chipoka afunsa za squalane, koma ndiyambe ndi tsaya langa lakumanzere

Sabata yathayi kunabwera imelo imene ndaiwerenga kaya kangati. Alemba ndi achemwali ena a ku Chipoka, dzina sinditchula. Akuti nkhope yawo imachita mafuta noninoni dzuwa likangokwera koma akasamba imauma mpaka kuthina, ali ndi madontho akuda otsalira ziphuphu, ndiye aona pa TikTok kabotolo ka mafuta otchedwa squalane, akufuna adziwe ngati ndi opepukadi monga akunenera komanso ngati "angawalitseko pang'ono". Kumapeto kwenikweni, ngati angokumbukira, alemba kuti chibwenzi chawo chinawauza kuti kale anali oyererako kusiyana ndi pano.

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanagule, paja safunsa anadya phula. Za squalane ndikuuzani zimene ndikudziwa chifukwa ndimadzola ndithu, chaka chino ndi chachitatu. Koma mzere womalizawo wandisowetsa tulo. Ndinayamba kuyankha Lachiwiri usiku, ndinafufuta, ndinayambanso, ndinafufutanso, chifukwa nthawi zonse ndimapezeka ndikulemba za ine mwini, nkhani imene sindinaikambepo pagulu ngakhale ena a inu mwakhala mukundifunsa kuti bwanji zithunzi zanga zonse ndimajambulitsa chammbali. Ndiye lero ndingoisiya ituluke, mundipirire.

Ine ndinakulira ku Senga Bay. Mayi anga ankagula usipa kwa asodzi m'mamawa nkuyanika pathandala, ife ana ntchito yathu inali kutembenuza ndi kuingitsa akhwangwala. Amene anakhalako kunyanja mu Okutobala akulidziwa dzuwa lake, kumwamba likukuwotcha, mchenga ukukuwotcha kumapazi, madzi nawo akukubwezera kuwala konse kumaso. Ndine wakuda, ndinatengera bambo anga, mng'ono wanga anatengera mayi ndi woyererako. Palibe anandimenyapo kapena kundimana nsima chifukwa cha khungu ayi, koma timawu tija. Azakhali akabwera kuchokera ku Lilongwe ankamugwira mng'ono wanga pachibwano nkumati uyu ndiye adzakwatiwa ndi bwana, ine nkungondifunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji. Mwana amamva zimenezi ndipo amasunga.

Ziphuphu zinandiyamba ndili Form 2 ndipo zinabwera ngati zachita kutumidwa, pamphumi, m'masaya, pachibwano. Ndinayesa zonse zimene atsikana amauzana ku hostel, madzi a mandimu, mankhwala otsukira mano, sopo wamtanda wochapira zovala, kukhula ndi chinkhupule mpaka nkhope kuwawa poganiza kuti ndi litsiro. Sindinkadziwa kuti khungu lakuda likapwetekedwa paliponse limayankha potulutsa mtundu wambiri pamalo pomwepo, ndiye chiphuphu chilichonse chimene ndinafinya chinasiya dontho lake, mandimu aja ndi dzuwa la kunyanja nkumangowonjezera moto. Madontho mukunenawo achemwali ndimawadziwa, ndinkawawerenga pagalasi limodzilimodzi.

Mu 2008, ndili ndi zaka 22, ndinapeza ntchito yogulitsa mushopu ina pa Kamuzu Road, ndipo ndinali ndi chibwenzi, mnyamata waulemu wake, wopemphera, mowa sankamwa. Tsiku lina tikudya tchipisi anangoti, "Iwe ukanangoyererako pang'ono bwenzi mu Salima muno mulibe wokuposa." Iyeyo mwina ankaona ngati akundiyamikira. Ine ndinaseka, koma pofika Loweruka ndinali pakhomo pa mayi ena amene ankapita kunja kukaoda katundu, aliyense ankawadziwa, ankasakaniza okha makirimu atatu anayi m'kabeseni nkuthira m'timabotolo topanda dzina, ankati mikisi. Anandiyang'ana nkhope nkunena kuti mwanawe masabata awiri okha udzabwera kudzandithokoza.

Ndipo masikuwo sanalakwitse, kuopsa kwake kuli pamenepo. Masabata awiri ziphuphu zonse zinazimiririka, nkhope see, mwezi usanathe makasitomala akundifunsa kuti kodi ukudya chani masiku ano. Azakhali aja anandigwira pachibwano kwa nthawi yoyamba chibadwire. Ndikulemba izi mtima ukuwawabe chifukwa ndikukumbukira mmene ndinasangalalira tsiku limenelo, ndinakagona ndikumwetulira ndekha. Palibe ndi mmodzi yemwe anandiuza kuti siya. Anthu omwewo amene pambuyo pake ankandinena kumbali kuti Fanta kumaso Coke kumiyendo ndi amene ankandiyamikira poyamba.

Zinayamba kutembenuka patatha miyezi ngati 8. Ndikakwera kabaza masana nkhope imayaka ngati ndaweramira pa mbaula. Khungu linapyapyala, timitsempha tofiira tikuonekera m'masaya, m'mikono munatuluka mizere ngati ya mayi woyembekezera, tiubweya tinayamba kumera m'mbali mwa nkhope, mfundo za zala zokha zinakana kuyera zinatsala bii moti popereka chenji ndinkachita kupinda dzanja kuti asaone. Ndinachita mantha nkusiya. Masiku anayi okha nkhope inatupa, kuyabwa kosagona nako, tiziphuphu ting'onoting'ono mbwee ngati mapira, ndinabwerera kwa mayi aja ndikulira iwo nkundipatsa ina akuti yamphamvu. Ndinazungulira choncho zaka ziwiri ndi theka, kusiya, kutupa, kubwerera, ndipo mnyamata uja anali atapita kalekale pa zifukwa zina zosakhudzana ndi khungu nkomwe.

Kuchipatala ndinapita chifukwa cha kabala ka pamkono kamene sikankapola, osati za nkhope. Adokotala anayang'ana balalo, nkuyang'ana ine, nkufunsa kuti mumadzola chani. Ndinanama kuti loshoni wamba. Sanandikalipire, anangotenga pepala nkulemba mayina awiri, clobetasol ndi hydroquinone, nkunena kuti zimene akuona pakhungu langa ndi ntchito ya ziwirizi. Clobetasol ndi steroid wamphamvu kwambiri, mankhwala enieni a matenda a pakhungu oti udzole masiku owerengeka dokotala akukuona. Poyamba amazimitsa kutupa kulikonse nchifukwa chake nkhope imaoneka bwino msanga, kenako amalidya khungu nkulipyapyalitsa, ndipo likamuzolowera ukati usiye limapanduka. Hydroquinone amaletsa khungu kupanga mtundu wake, madokotala amamugwiritsa ntchito ndithu pa madontho koma mwa muyezo komanso miyezi yochepa, ukamudzola zaka pa dzuwa ngati lathuli amatembenuka nkusiya mawanga akuda ozama mkati mwa khungu, dzina lake ochronosis, ndipo amenewo kuti achoke ndi nkhondo. Madokotala a ku South Africa anazilemba kale zimenezi mu 1975, dziko lawo linaletsa hydroquinone mu zodzola mu 1990, ku Rwanda anayamba kulanda mafuta oterewa m'mashopu mu 2018. Ife tinkangogula za m'beseni. Tsaya langa lakumanzere lili ndi banga limenelo mpaka lero, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo. Zithunzi zammbali zija chifukwa chake ndi chimenecho.

Miyezi yoyamba nditasiyiratu ndinathawira kwa agogo ku Lifuwu chifukwa sindikanatha kuima mushopu ndi nkhope imene ija. Agogo sanandifunse kalikonse. Anandiyalira mphasa, m'mawa nkundifunditsira madzi, ndipo madzulo ankatenga kabotolo kawo ka mafuta a nsatsi nkumandidzoza m'mikono mwakachetechete. Mafutawo ankapanga okha, kukazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa m'madzi nkumawengula amene ayandama pamwamba, ndipo ankatikalipira tili ana kuti njere zake osayerekeza kulawa ndi poizoni. Ndi mafuta olemera, onata, fungo lake la utsi, pankhope yanga ya ziphuphu sakanayenera ndipo agogo sanandidzozepo kumaso, ankadziwa okha. Koma mayi amene aja anagwira ntchito m'madimba a mpunga moyo wawo onse, akuda bii ngati ine, ndipo khungu lawo la m'mikono linali losalala kuposa langa ine wa zaka 25. Ndinkawayang'ana akupeta mpunga dzuwa likulowa, ndipo ndi nthawi yoyamba imene ndinaona mtundu wanga womwe uja pa munthu wina nkuona kuti ndi wokongola. Anatisiya mu 2015, kabotolo kaja ndinasunga.

Kuchira kunanditengera pafupifupi zaka ziwiri ndipo munalibe zodabwitsa, mankhwala amene adokotala anandilembera ochepetsera pang'onopang'ono, sopo wofatsa, gilisalini, chipewa ndi ambulera. Anthu ankandiseka poyenda ndi ambulera kulibe mvula.

Tsopano achemwali ndilankhule mosabisa mawu, mukakwiya mukwiye. Mwamuna amene akukuyezani ndi mtundu wanu wakale akukuikirani mwala pamutu umene mudzasenze nokha, iye sadzapsa nkhope pa kabaza, sadzabisa zala popereka chenji. Mwina sanaganize ponena, ngati mnyamata wanga uja, anthu ambiri amangobwereza zimene anamva kwa azakhali awo. Koma muuzeni kuti mawuwo anakupwetekani, ndipo muone mmene ayankhire, chifukwa yankho lakelo lidzakuuzani zambiri kuposa ine. Ndipo inde mwina mwadadi kusiyana ndi kale, mumakhala ku Chipoka, dzuwa la kunyanja limadetsa aliyense, khungu likuchita ntchito yake yokutetezani, silinalakwe.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri masiku ano ndi chakuti ogulitsa anasintha chilankhulo. Kale ankanena poyera kuti mafuta oyeretsa. Pano atsikana ophunzira amachita manyazi ndi mawu amenewo ndiye amati glow, amati kuwalitsa, amati kufananitsa khungu, koma m'botolo ndi zomwe zija za m'beseni, kungoti pano aikapo stika yokongola ndi nambala ya WhatsApp. Inu nomwe mwalemba kuti "kuwalitsako pang'ono", ndipo sindikukudzudzulani, inenso ndinkanena choncho, palibe amene amayamba nkunena kuti ndikufuna ndisinthe mtundu, tonse timayamba ndi pang'ono. Ojambula zithunzi za ukwati nawonso ndili nawo mawu, mwezi watha ndinaona zithunzi za mwana wa mnzanga wa kutchalitchi, mtsikana wakuda wokongola kwambiri, pa chithunzi sindinamuzindikire amuyeretsa pa kompyuta mpaka khosi ndi manja kusiyana, ndipo palibe anamupempha wojambulayo, anangoona kuti ndi mmene mkwatibwi ayenera kuonekera. Mafoni athuwa nawo kamera yakutsogolo imakuyeretsa usanaipemphe. Ndiye mwana wa Form 1 akudziona pafoni tsiku lonse ali woyererako, akapita pagalasi akuona ngati wadwala. Ine ndimakana, ndipo mwana wanga wamkazi ndinamuzimitsira zimenezo pafoni yake iye akuona, ndinamuonetsa tsaya langa pafupi nkumuuza zonse.

Nanga squalane-yo ndi chani?

Khungu lathu limapanga lokha mafuta ake, omwe aja amakunyezimiritsani masanawo, ndipo mwa mafuta amenewo pafupifupi magawo 12 pa 100 ndi chinthu chotchedwa squalene, cha e pakatipo. Ngakhale zoyera zija mwana amabadwa nazo pathupi muli squalene. Dzinalo linachokera ku shaki, nsomba zija za m'nyanja ya mchere, chifukwa wasayansi wa ku Japan, Mitsumaru Tsujimoto, anachipeza chochuluka m'chiwindi cha shaki zokhala pansi penipeni pa nyanja nkuchitcha dzinalo mu 1916. Kwa zaka zambiri mafuta odzola amenewa ankachokera kumeneko, kupha nsomba yonse chifukwa cha chiwindi, ndipo shaki za pansizo zimakula mochedwa komanso zimabereka ana ochepa. Ife ana a kunyanja izi sitichita kuuzidwa, mayi anga amasimba za ntchila mmene inkachulukira, ine ndakula osaiona pamsika, chambo nacho tikuona mmene chikuchepera ndi kudulira. Ndiye ine botolo losalemba kuti mafutawo achokera ku zomera sindigula.

Squalene wa e uja ali ndi vuto limodzi, akakumana ndi mpweya ndi dzuwa amawonongeka msanga, monga nsinjiro zokhalitsa zimayamba kununkha ndi kuwawa. Ndipo zimenezi zimachitika ngakhale pankhope pathu pomwe, mafuta a khungu akawonongeka ndi dzuwa amathandizira kutseka timabowo ta pakhungu nkuyambitsa ziphuphu. Ndiye opanga zodzola amamuwonjezera hydrogen kuti akhazikike, akatero amasanduka squalane, wa a pakati. Kusiyana kwa chilembo chimodzi chokha koma ndiye nkhani yonse. Squalane alibe mtundu, alibe fungo, ndi wamadzimadzi, sawonongeka chisawawa ngakhale kuchipinda kotentha kwa malata ngati kwathu kuno, ndipo poti amafanana ndi mafuta amene khungu limawadziwa kale anthu ambiri sawayabwa ndipo kawirikawiri satseka timabowo tija.

Kuti mumvetse ntchito yake, zodzola zofewetsa khungu zili m'magulu atatu ngakhale m'botolo limodzi amazisakaniza. Gilisalini amakoka madzi, ngati mmene mchere umanyowera wokha m'dzinja, nchifukwa chake ukadzola yekha wambiri umanata. Vaseline ndi chivundikiro, amatseka pamwamba kuti madzi a m'khungu asathawe, ndipo pa ntchito imeneyo palibe womuposa, anthu asamunyoze chifukwa ndi wotchipa, pa mang'a, milomo yosweka ndi miyendo yotuwa nthawi ya mwera ine ndimabwerera komweko. Squalane ali pakati, ntchito yake ili ngati kuzira, paja pansi pakang'ambika timatenga dothi losalala nkudzaza ming'alu mpaka see, iyenso amalowa m'timipata ta pakati pa timamba ta khungu nkusalaza. Amatchingako madzi pang'ono koma osati ngati jelly.

Ine woyamba anandibweretsera msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Ndinadontheza madontho awiri padzanja ndikuyembekeza kunata kuja, koma ndisanamalize kuvala anali atalowa, nkhope yofewa koma yosanyezimira. Chimene ndinakondwera nacho kwambiri ndi fumbi, amene mumakwera kabaza kapena njinga yamoto m'misewu yathu ya fumbi mu Seputembala mukudziwa mmene limamatirira pankhope yodzola zolemera, ukafika ukupukuta kansalu kakutuluka kofiira. Ndi squalane sizichitika kwambiri. Khungu langa lopyapyala lija limene limayabwa ndi chilichonse chonunkhira linamulandira bwinobwino, mwera wa Julayi unadutsa osatuwa. Ndiye funso lanu loyamba, inde ndi wopepukadi, pamenepo sananame.

Koma banga langa lilipo pomwepo, silinasunthe. Squalane sayeretsa, sachotsa madontho, sachiza ziphuphu, sateteza ku dzuwa. Ndi wofewetsa basi. Amene akukuuzani kuti squalane wake amawalitsa m'masiku 7, kaya akunama kaya wathiramo zina zimene sakukuuzani, ndipo chachiwirichi ndiye choopsa.

Pali china chimene chimandiwawa ndikamagwira kabotolo kameneka. Squalane wa masiku ano wambiri amachokera ku maolivi, ndipo wina wambiri amachokera ku nzimbe. Nzimbe zomwezi. Kampani ya ku California yotchedwa Amyris inapeza njira yodyetsa yisiti shuga wa nzimbe za ku Brazil, yisitiyo nkutulutsa mafuta amene amawalumikiza nkukhala squalane, ndipo chodabwitsa kampani imeneyi inayamba ndi malungo, ntchito yawo yoyamba inali yophunzitsa yisiti kupanga chiyambi cha artemisinin, gwero la mankhwala ali mu LA amene timamwa kuno kuyambira 2007. Tsono taganizani, ife tili ndi fakitale ya shuga kuno ku Salima, ina ku Dwangwa, mukamayenda msewu wa M5 ndi nzimbe zokhazokha mbali zonse, ndipo ku Dwangwa komweko akhala akuwiritsa zotsalira za shuga ndi yisiti kupanga ethanol kuyambira 1982. Sindikunena kuti ndi zophweka, yisiti wawo uja ndi wochita kukonzedwa mu labu ndipo ndalama zake ndi zambiri. Koma bonongwe nanga? Njere za mbewu za mtundu wa bonongwe zili m'gulu la zomera zokhala ndi squalene wambiri kuposa zonse, mafuta ake amakhala ndi magawo 6 mpaka 8 pa 100, kuposa a maolivi kutalitali. Bonongwe amene amamera yekha kuseri kwa khola. Deya wa mpunga nayenso ali naye, ndipo ku Lifuwu timangodyetsa nkhuku ndi kutaya. Malambe ali mbwee kuyambira kuno mpaka ku Golomoti, ana amayamwa ufa nkulavula njere, pamene m'njeremo muli mafuta abwino a khungu amene kunja amawagula modula. Ana athu akumaliza maphunziro a sayansi nkumagulitsa mayunitsi, ife tikuitanitsa kabotolo kang'ono ngati chala kuchokera kutsidya la nyanja. Zimandipweteka zedi, ndipo ndikanakhala ndi mpamba ndikanayambira pa njere za malambe zomwezo.

Za mtengo ndi zachinyengo

Chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera mosaneneka, ndipo squalane weniweni kuno sapezeka wamba, ambiri amachita kuitanitsa ku Lilongwe kapena kutumiza wobwera kuchokera ku South Africa. Pamene pali chinthu chodula chosowa pamabweranso achinyengo. Ine ndinapsapo kamodzi, langa litatha ndinagula kwa munthu wina amene ndinamuona pa status, botolo lofanana ndithu, koma nditatsegula mafuta achikasu onunkhira perefyumu, olemera ngati ophikira. Ndinadzola padzanja pokha nkutaya, ndalama inapita. Weniweni ndi woyera ngati madzi ndipo sanunkha kanthu, kumbuyo kwa botolo pa mndandanda wa zimene zilimo pamayenera kulembedwa mawu amodzi okha, Squalane. Akakhala mu loshoni wosakaniza dziwani kuti mndandandawo amayamba ndi chimene chachuluka, ndiye mukamupeza kumapeto kwenikweni pafupi ndi perefyumu ndiye kuti angodonthezamo kuti alembe dzina kutsogolo nkukweza mtengo.

Ndipo kunena zoona simukufunika squalane kuti khungu lanu likhale bwino, ndimamukonda koma si mpunga kapena ufa. Maloshoni ambiri otchipa ali ndi zofewetsa zina zopepuka, mukaona caprylic/capric triglyceride kapena dimethicone pa botolo ndi a gulu lomwelo ndipo amagwira ntchito. Mafuta a mpendadzuwa ndi abwino pathupi. A kokonati okha pankhope ya ziphuphu ndimaletsa, ambiri amawatseka timabowo, asiyeni a tsitsi ndi miyendo. Mnzanga wina amene amagulitsa nsomba pa Kamuzu Road amangosakaniza gilisalini pang'ono ndi madzi m'dzanja nkudzola nkhope isanaume, khungu lake ndimalisirira.

Inuyo achemwali, kuthina kumene mukumva mukasamba ndi sopo, akukuchotsani mafuta onse ndipo khungu likutsala lopanda chotchinga, pezani wofatsa wosanunkhira, kusamba kumaso kawiri patsiku basi, chinkhupule chisafike kumaso, ziphuphu osafinya. Ngati ndalama ilipo ya chinthu chimodzi chokha gulani sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, wolembedwa SPF 30 kapena kuposa osati squalane, chifukwa dzuwa ndi limene likusunga madonthowo, ndipo tisiye kuganiza kuti sunscreen ndi wa abale athu achialubino okha, chipewa chachikulu nachonso chimathandiza. Madontho otsalira ziphuphu ambiri amazilala okha pakati pa miyezi 6 ndi chaka ngati zatsopano sizikutuluka, zodzola zokhala ndi niacinamide kapena azelaic acid zimafulumizitsako, koma ziphuphu zikakhala zazikulu zowawa pitani kuchipatala, ndipo ngati muli oyembekezera muwauze asanakulembereni kanthu. Squalane mukamupeza weniweni, yesani kaye kuseri kwa khutu masiku atatu, kenako madontho awiri kapena atatu usiku nkhope ikadali yonyowa pang'ono, m'mawa nthawi yotentha ino squalane-yo mutha osamudzola nkomwe.

Chimodzi simunandiuze mu imelo yanu, panopa mukudzola chani? Mwanena kuti kale munali oyererako ndipo mawu amenewo andidetsa nkhawa. Ngati pali kabotolo kena kamene munasiya kapena mukadali nako, musachite manyazi ngati mmene ndinachitira ine pamaso pa adokotala aja, ndipo ngati mwadzola nthawi yaitali musasiye mwadzidzidzi panokha, nkhope idzatupa, pitani nako kuchipatala akakuthandizeni kutsika pang'onopang'ono. Jambulani kumbuyo kwake munditumizire ndiwerenge, ngakhale kakhale kopanda dzina jambulani komweko.